Kulandira kalata si kuvomera ntchito

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndinene nkhani imene yakhala ikundidya mumtima chiyambire mwezi watha. Ena aziti ndi nkhani ya m'kalasi, ya ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, koma ine ndaiona ikulanda munthu ntchito imene inali itafika kale m'manja.

Ndine mphunzitsi wopuma. Ndinagwira choko zaka zoposa 30 ndikuphunzitsa Chingerezi m'sukulu za sekondale, ndipo tsopano ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba. Anthu a m'dera lathu akalandira pepala la Chingerezi lowazunguza mutu amabwera nalo pakhonde panga, wina kalata ya penshoni, wina samani ya kukhoti, wina fomu ya ngongole. Ndimavala magalasi n'kuwawerengera. Koma amene ndikufuna kunena lero sanabwere nalo pepala lake nthawi ikadalipo, chifukwa ankadziwa kuti Chingerezi amachimva. Ndipo amachimvadi.

Ndi mwana wa mchemwali wanga wa ku Songani. Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino, Chingerezi chomwe, kenako anachita kosi yowerengera ndalama. Zaka ziwiri zinatha akungoponya makalata ofunsira ntchito, yankho osabwera. Tsiku lina kampani ina, imene sinditchula dzina, inamuitana ku intavyu, ndipo patapita masabata angapo anamuimbira foni kuti akatenge kalata. Atafika ku ofesi, mlembi anamupatsa envulopu n'kumutsegulira buku lalikulu loti asayinemo. Pamwamba pa danga losayinapo panalembedwa kuti "Received by". Anasayina, natuluka, nakatsegulira envulopuyo panja pansi pa mtengo. Ntchito anali atamupatsa. Kumapeto kwa kalatayo kunali mzere wonena kuti asayine kope lachiwiri ndi kulibweza pasanathe masiku 7 posonyeza "acceptance". Mzerewo anauwerenga. Mumtima anati: ndasayina kale m'buku muja, ndalandira, zatha.

Kunyumba kunali chikondwerero. Mayi ake anapha nkhuku, iye anakongola ndalama kubanki mkhonde nakagula nsapato ndi malaya awiri mumsika wa Zomba. Pa 1 mwezi wotsatira analawirira mbandakucha kupita kuntchito, ndipo kumeneko anamuuza kuti popeza sanayankhe, iwo anaganiza kuti wapeza kwina, malowo anapatsa amene anabwera pambuyo pake pa intavyu. Madzulo a tsiku lomwelo anafika kwathu, nsapato zatsopano zili m'manja chifukwa zinamutupitsa zala, maso ali psu.

"Amalume, komatu ndinasayina. Ndinalandira ine."

Ndinamufunsa kuti "receive" ndi chiyani pa Chichewa. Anati kulandira. Nanga "accept"? Anakhala chete pang'ono, n'kuti kulandiranso. Patapita masiku anandibweretsera kope lake lakale la Fomu 3, ndipo pa tsamba lina panali mutu woti "Synonyms", pansi pake mzere wa mawu asanu olumikizidwa ndi chizindikiro cha masamu chosonyeza kufanana: get, receive, accept, obtain, acquire. Sindinamuphunzitse ndine mwanayu, koma mzere umenewo ndimaudziwa bwino. Inenso ndinaulembapo pabolodi kambirimbiri, ana n'kukopera, n'kuloweza, n'kukhoza mayeso. Mtima unandipweteka, ndipo ndi chifukwa chake ndalemba kalatayi.

Mawuwa ndi apachibale, inde, koma si mapasa. "Receive" amangonena kuti chinthu chafika m'manja mwako, kaya umachifuna kaya sumachifuna. Uthenga wa maliro umafika choncho, samani ya kukhoti imafika choncho, ngakhale chibakera. "Accept" amanena za mtima ndi pakamwa: wachiona chinthucho, wachiyeza, wati eya. Munthu angathe kuchita choyambacho osachita chachiwiri, ndipo pa nkhani za ntchito, malonda ndi ngongole, pangano silimangika mpaka chachiwiricho chitachitika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kalata ija inali fodya wa pachala.

Chondiwawa n'chakuti kusiyana kumeneku ife Amalawi timakudziwa kuyambira kale, sitichita kuphunzira kwa Azungu. Masiku athu mnyamata akafuna mtsikana ankalemba kalata n'kutuma kamwana. Mtsikana ankailandira kalatayo kuseri kwa nkhokwe, n'kuibisa m'chilundu cha chitenje. Koma panalibe mnyamata wopusa woti akauze anzake kuti zatheka chifukwa choti kalata yalandiridwa. Ankadikira kumva ngati wamulola. Kulandira kwina, kulola kwina. Ndipo ngakhale mtsikana alole, nkhani imayenera kufika kwa amalume ake, eni mbumba, kuti nawonso avomereze. Onani mlandu wa kumudzi. Wolakwa amabwera ndi nkhuku ya chipepeso, miyendo yomanga ndi luzi, n'kuiika pansi pamaso pa nkhoswe. Nkhukuyo yafika pabwalo, aliyense akuiona ikuphupha pafumbi. Koma ngati wolakwiridwa akuyang'anabe kumbali, osaomba m'manja, mlandu sunathe, ndipo nkhukuyo ikhoza kubwerera kumene yachokera. Mwana aliyense wokulira kumudzi waonapo zimenezi. Ndikanamufunsa mwana wa mchemwali wanga za nkhuku ya chipepeso sakanalakwa. Analakwa chifukwa m'kalasi palibe anamuuza kuti "receive" ndi nkhuku kufika pabwalo, "accept" ndi kuomba m'manja kuja.

Ndivomere kuti mawu athu oti kulandira nawonso amaponda mbali ziwiri. Tikati malangizo anu ndawalandira ndi manja awiri, kapena mlaliki akati landirani Yesu, sitikunena za dzanja koma za mtima. Ndiye mwana akauzidwa kuti mawu onse awiri a Chingerezi aja ndi kulandira, sananamizidwe kwenikweni, wangopatsidwa theka la nkhani. Mphunzitsi amayenera kupitiriza: kulandira kwake kuti, kwa dzanja kapena kwa mtima?

Pali chifukwa chake Chingerezi chili ndi mawu ochuluka chotere pa chinthu chooneka ngati chimodzi, ndipo ana athu ambiri samva n'komwe mbiri yake. Mawu aafupi aja, "get" ndi "take", analowa m'Chingerezi kuchokera ku chiyankhulo cha ma Viking, anthu a kumpoto kwa Ulaya amene anakhazikika mbali zina za England zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ndi mawu a pakhomo, a kumunda ndi kumsika. Kenako mu 1066 ma Norman ochokera ku France anagonjetsa England, ndipo kwa zaka zambiri Chifalansa ndi Chilatini ndi zimene zinkamveka kunyumba ya mfumu, kukhoti ndi kutchalitchi. Kumeneko ndi kumene kunachokera "receive", "accept", "obtain" ndi "acquire". Awiri oyambawo ali ndi muzu umodzi, mawu a Chilatini oti "capere", kutanthauza kugwira kapena kutenga, n'chifukwa chake amafanana nkhope. Ndiye Chingerezi chinatsala ndi mawu a pakhomo ndi mawu a mu ofesi, ndipo makalata a boma, a banki ndi a makampani amalembedwa ndi a mu ofesiwo. Kuno ku Zomba, kumene kunali likulu la dziko mpaka 1975, Chingerezi cha mu ofesichi ndi chimene chadzaza mafayilo akale osungidwa ku National Archives, ndipo mpaka lero ndi chimene munthu wamba amakumana nacho akakhala pa benchi kudikira bwana. Ngakhale mawu athu oti lisiti ndi mwana wa "receive". Lisiti imangochitira umboni kuti ndalama zafika m'manja mwa wogulitsa, sinena kuti wogula wakhutira.

"Get" ndi bulu wa Chingerezi, amasenza katundu aliyense. Munthu akapeza ndalama, akalandira kalata, akafika kunyumba, akadwala, akakwatira, akamvetsa zimene wauzidwa, ponsepo mawuwa amalowa. N'chifukwa chake ana amawakonda, ndipo pocheza palibe cholakwika. Koma bulu wosenza zonseyu sanena kuti chinthucho chabwera bwanji. "Obtain" ndi kupeza chinthu utachiyendera, utapempha kapena utalemba mayeso, monga chiphaso choyendetsera galimoto, satifiketi, chilolezo chomangira nyumba. "Acquire" ndi kupata, chinthu kusanduka chako, nthawi zambiri pang'onopang'ono: malo, luso la umisiri, chizolowezi. Ndi mawu amenewa amene ali pa chilembo choyamba cha AIDS, dzina limene ife tinalisandutsa Edzi, kusonyeza kuti si matenda a kumtundu koma ochita kutenga. Ndimakumbukira zaka zimene maliro anachuluka m'midzi mwathu, tikuphunzitsa ana dzina lonselo kuti aloweze, koma ochepa okha ndi amene tinawamasulira mawu oyambawo, pamene uthenga waukulu unali momwemo.

Pali "earn", amene ana athu samugwiritsa ntchito kawirikawiri. Poti ife timati bambo alandira pakutha pa mwezi, mwana amalemba kuti bambo ake amachita "receive" ndalama, ngati ndi mphatso. Chingerezi chimasiyanitsa ndalama yokhetsera thukuta ndi yongopatsidwa, ndi yowina pa mpikisano. Mayi wogulitsa tomato pa Mpondabwino kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa sanalandire ndalama imene ili pamfundo ya chitenje chake, waigwirira ntchito. Za "borrow" ndi "lend" sindinena zambiri, aphunzitsi onse amazidziwa: poti ife timati ndibwereke cholembera, mwana amatembenuza momwemo. Koma mukamufunsa kusiyana kwa kukongola ndi kukongoza amayankha msanga, ndipo phunziro lathera pomwepo.

Mawu oti "admit" okha amafuna tsiku lawolawo. Kuchipatala ndi kugonekedwa. Ku yunivesite ndi kupatsidwa malo. Kupolisi ndi kukhoti ndi kuvomera kuti unachitadi. Munthu amene anangoloweza kuti mawuwa ndi kuloledwa kulowa, tsiku lina adzasayina pepala lonena kuti wavomera mlandu akuganiza kuti ndi mwambo wa pakhomo. Ndipo malamulo athu, amene analembedwa m'Chingerezi, amasankha mawu amenewa mosamala kwambiri. Pali mlandu wa "receiving stolen property", wolandira katundu ukudziwa kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wakuba, ndipo umagwira ngakhale munthu amene sanathyole nyumba ya wina aliyense. Pali wina wa "obtaining by false pretences", wopeza chinthu ponamiza mwini wake. Woyambayo chinthu chinamupeza iye, wachiwiriyo anachita kuchiyendera ndi bodza. Lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995 nalonso silinangotchula mawu amodzi, linasiyanitsa kupempha, kuvomera ndi kupeza, kuti wina asadzathawire pa mpata wa mawu. Opanga malamulo akanaona kuti mawuwa ndi amodzi sakanataya inki kuwalemba onse.

Si ana a sukulu okha amene akugwa m'dzenjeli. Chaka chatha kalipentala wina wa ku Chinamwali, amene timapemphera limodzi, anagula malata 20 a geji 28 m'sitolo ina m'tauni. Lole inabwera nawo chisisira iye kulibe. Anyamata anatsitsa mofulumira, dalaivala injini osazimitsa, n'kupatsa mayi a pakhomo pepala kuti asayine. Anasayina atawerenga kuti malata akwana 20. Kutacha, mwamuna pomasula mtolo anapeza kuti asanu a pakati ndi opyapyala, a geji 32, oti ukawagwira ndi dzanja limodzi amalira ngati chitini, ndipo awiri anali opindika m'mphepete. Atabwerera kusitolo anamuonetsa pepala lija. Pamwamba pa siginecha ya mkazi wake panali mawu ang'onoang'ono oti "Received and accepted in good condition". Anabwera nalo kwa ine.

"Aphunzitsi, apa akuti chiyani? Mayi a kunyumba angoti alandira basi."

Ndinamuuza kuti pepalalo likunena zinthu ziwiri: katundu wafika, ndiponso mwamuona ndipo mwakhutira naye. Anagwira pakamwa. Ndinamulangiza zimene ndikulangizanso owerenga anu: katundu akafika usiku kapena ali womanga, musanasayine lembani ndi dzanja lanu pambali kuti mwalandira koma simunamuyendere. Lembani ngakhale m'Chichewa. Dalaivala akakana, katunduyo abwerere, adzabwere dzuwa likuwala. Safunsa anadya phula.

Tsopano zafika ndi pafoni. Uthenga ukalowa wonena kuti "You have received", ndiye kuti ndalama zalowa, palibe chimene walonjeza. Koma pakatuluka kabatani kolembedwa "Accept" pansi pa mizere yambirimbiri ya timalemba, monga zimakhalira pa ngongole za pafoni kapena polembetsa zinthu pa intaneti, kudina pamenepo ndi kuomba m'manja pabwalo. Wavomera chiwongoladzanja, wavomera tsiku lobweza, wavomera chilango ukachedwa. Ndaona anyamata a kabaza pa depoti akudina kabatani kameneka mwachangu ngati akuyankha foni, poganiza kuti akungolandira ndalama. Ena mwa iwo "accept" ndi "except" amawamva ngati mawu amodzi, poti pakamwa pathu amatuluka mofanana, chonsecho wina ndi kulowetsa, wina ndi kupatula.

Mankhwala ake tili nawo kale m'nyumba, ndipo apa ndi pamene ndikufuna aphunzitsi anzanga andimvetsetse. Chichewa chili ndi mawu ochuluka zedi a kutenga, ndipo palibe mwana amawasokoneza. Madzi timatunga, ufa timatapa, ndalama yogwa pamsewu timatola, mango timathyola, chimanga timakolola, mpira woponyedwa timawakha, mbava imatsomphola, wamphamvu amalanda. Mwana wa Sitandade 3 mukamutuma kuti akatunge ufa amaseka, chifukwa khutu lake likudziwa kuti mawu apachibale sagona mphasa imodzi. Nzeru imeneyi amabwera nayo yekha kusukulu, sitinamupatse ndife. Ndiye ife, m'malo moimirira pamenepo n'kumuuza kuti Chingerezi nachonso chimatero, timamulembera mzere wa mawu asanu n'kuika chizindikiro cha kufanana pakati, ngati kuti chiyankhulo cha eni ake chilibe khutu.

Ine ndinali mmodzi wa aphunzitsi amene sankalola liwu la Chichewa m'kalasi ya Chingerezi. Tinkakhulupirira kuti mwana akamva Chichewa ndiye kuti Chingerezi chithawa. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, koma m'sukulu zambiri za sekondale kuchiyankhula kunali kulakwa kolandira nako chibalo. Sindikutsutsa kuti ana ayenera kuyankhula Chingerezi tsiku ndi tsiku kuti lilime lizolowere, ndipo tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi. Lamulo la maphunziro la 2013 linaikanso Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Koma mphindi ziwiri zofotokozera mwana m'chiyankhulo cha mayi ake kuti uku ndi kulandira, uku ndi kulola, sizingaphe Chingerezi cha munthu. Zikanapulumutsa ntchito ya mwana wa mchemwali wanga. Ndikanadziwa kale zimenezi, ana mazanamazana amene anadutsa m'manja mwanga ndikanawaphunzitsa mwina.

Chosangalatsa n'chakuti amene angathandize pa nkhaniyi ali konkuno. A Malawi Institute of Education, amene amakonza silabasi ndi mabuku, ali pa Domasi. A MANEB, okonza mayeso, ali m'tauni momwemuno. Ku University of Malawi kuli Centre for Language Studies, imene ntchito yake ndi ziyankhulo zathu. Ndikuwapempha mwaulemu kuti akamakonza mabuku ndi mafunso aziika zinthu zimene mwana adzakumane nazo akatuluka pageti: kalata yopatsidwa ntchito, pepala lolandirira katundu, fomu ya ngongole. Mwana afunsidwe kuti pamenepa ukasayina ndiye kuti wanena chiyani. Funso lotero ndi laphindu kuposa kumuuza kuti asankhe mawu ofanana ndi "obtain" pakati pa anayi.

Kwa eni makampani ndi maofesi, pempho langa ndi laling'ono. Kampani ija sinaphwanye lamulo lililonse, kalata yawo inanena zonse. Koma mzere umodzi wa Chichewa pansi pa kalata, woti ngati ntchitoyi mwaivomera sayinani apa ndipo mubweze pepalali pasanafike tsiku lakuti, sungawononge ndalama. Ndipo amene anatha kumuimbira mwanayo foni kuti adzatenge kalata akanathanso kumuimbira pa tsiku lachisanu ndi chimodzi kumufunsa kuti bwanji simunayankhe. Mlembi amene anamutsegulira buku lija akanangonena kuti apa mukusayinira envulopu chabe, yankho lanu tikulidikira, bwenzi lero tikunena zina.

Ngongole ya nsapato ija akubwezabe, mayi ake akumuthandiza ndi ndalama ya zitumbuwa. Lolemba lapitali anabweranso pakhonde panga ndi envulopu ina, yomuitana ku intavyu ku Blantyre. Tinakhala pamkeka n'kuiwerenga limodzi mzere ndi mzere, iye akuwerenga, ine ndikumufunsa kuti pamenepo akufuna uchite chiyani. Pansi penipeni panali mawu opempha kuti atsimikize ngati adzabwere. Anawaona yekha ndisanalankhule, naika chala pomwepo. Foni yake inalibe mayunitsi, ndiye ndinamupatsa yanga, ndipo anaimba nthawi yomweyo ali chiimire pafupi ndi mtengo wa mapeyala.

Ndine wanu,

Mphunzitsi wopuma,
Matawale, Zomba